Lachinayi ku Andasibe: kulira kwa babakoto

Chandidzutsa lero ndi chisanu. Ukamva za Madagascar umangoganiza dzuwa ndi mchenga wa kunyanja, koma kuno ku Andasibe tili pamtunda, pakati pa mapiri a kum'mawa kwa chilumbachi, ndipo m'mawa nkhungu imachita kuti mbuu mpaka osaona nyumba yoyandikana nayo. Masokosi amene ndinachapa dzulo nditangotsika minibasi yochokera ku Antananarivo, likulu la dzikoli, anali chinyowerebe. Ndinawamangirira kunja kwa chikwama changa chakumsana, ndinamwa khofi wotentha ndi timikate tiwiri ta ufa wa mpunga timene amati mofo gasy, n'kuyamba kutsetsereka kupita ku chipata cha nkhalango ya Analamazaotra.

M'nkhalango muno saloleza mlendo kulowa yekha. Amene anandiperekeza ndi bambo wina wamfupi, wa m'mudzi womwewu, wovala jombo zong'ambika kuchidendene. Mawu ake oyamba anali akuti ndilowetse miyendo ya buluku m'masokosi chifukwa cha misundu. Anandiuzanso kuti mora mora, kutanthauza pang'onopang'ono, mawu amene ndawamva paliponse chifikireni m'dziko lino.

Tinayenda ngati ola lathunthu, kukwera ndi kutsika m'tinjira toterera, mame akudontha kuchokera m'masamba. Panjira anandionetsa kachilombo kofiira kokhala ndi khosi lalitali ngati la nyamalikiti, ndiponso buluzi wina amene anamatirira pa mtengo, khungu lake lofanana ndendende ndi khungwa ndi ndere. Analoza ndi chala kanayi konse ndisanamuone. Mchira wake uli ngati tsamba louma.

Kenako bamboyo anangoima, n'kukweza dzanja. Kunali zii. Ndiye kunamveka kubangula kwakufupi pamwamba pathu, ndipo nyimbo inayamba.

Ndikulephera kupeza mawu oifotokozera bwino. Ndi kulira kotalika, kokwera kenako n'kutsika, ngati lipenga, ngati munthu woitana m'bale wake ali kutsidya la chigwa. Wina akayamba, mnzake amalandira, ana nawo n'kulowererapo. Ndinachita kuimva m'chifuwa. Atangosiya, banja lina linayankha patali, lina patali kwambiri, mpaka phiri lonse linali kuyankhulana. Kulira kumeneku kumamveka mtunda wa makilomita awiri kapena kuposerapo, ndipo ndi mmene banja lililonse limadziwitsira anzawo malire a dera lake. Misozi inalengeza m'maso mwanga ndipo ndinaisiya itsike.

Nyama yake ndi indri, anthu akuno amati babakoto. Ili m'gulu la ma lemur (nyama za m'mitengo zonga anyani) aakulu kwambiri amene atsala padziko lapansi, yolemera makilogalamu 6 mpaka 9 kapena kupitirirako pang'ono. Ubweya wake ndi wakuda ndi woyera, makutu ozungulira, maso obiriwira mopita kuchikasu, ndipo mchira ilibe, kangokhala kachitsa chabe. Tinaona anayi. Mayi wa banjalo anali pamwamba penipeni akubudula masamba anthete, wamwamuna ali m'munsi mwake kudikira, poti mwa nyama zimenezi wamkazi ndiye amayamba kudya pamalo abwino. Mmodzi anandiyang'ana ndwii, kenako anakankha thunthu ndi miyendo yake italiitaliyo n'kuuluka chiimire kukagwira mtengo wina, mtunda woti ine ndikanayenda mapazi khumi.

Ndinafunsa za dzinalo. Bamboyo anati nthano zilipo zingapo, koma imene anamva kwa agogo ake ndi ya mnyamata Koto, amene anakwera mtengo wautali kukafula uchi n'kulephera kutsika. Indri ndi amene anamubereka kumsana mpaka pansi. Kuyambira pamenepo nyamayi ndi bambo wake wa Koto, ndipo kuipha kapena kuidya ndi fady, chinthu choletsedwa ndi makolo.

"Ndiye kuti ndi yotetezeka ndithu," ndinatero.

"Ku mkondo, inde, kwa ife amene timasungabe mwambo," anayankha. "Koma ku moto ayi. Mukudziwa kuti nyama imeneyi simungaipeze kumalo osungira nyama kulikonse kunja? Akaitsekera m'khola imafa. Nkhalango ikatha, yathanso."

Mawu amenewo andikhala pamtima tsiku lonse. Indri amadya masamba a mitengo yamitundumitundu ya m'nkhalango muno, ndipo wamkazi amabereka mwana mmodzi pakatha zaka ziwiri kapena zitatu. Bungwe loona za kuteteza zachilengedwe padziko lonse la IUCN linaiika m'gulu la nyama zimene zatsala pang'ono kutheratu. Palibe kwina kokaibisa.

Masana ndinakwera taxi-brousse, minibasi ya kuno, kupita ku Moramanga, tauni imene ili pa msewu wa RN2 makilomita osakwana 30 kuchokera kuno, chifukwa ndalama za m'thumba zinali zitachepa. Galimoto zimenezi sizinyamuka isanadzaze. Tinadikira, tinanyamuka, mwana wa mayi amene ndinakhala naye anagona tulo atatsamira mkono wanga. Tauni ya Moramanga ili ndi mbiri yolemera: usiku wa pa 29 Malichi 1947 anthu anaukira msasa wa asilikali a France kumeneko, chiyambi cha nkhondo yofuna ufulu imene inaphetsa anthu miyandamiyanda. Ufuluwo unadzabwera mu 1960. Lero misewu yake yangodzaza njinga za matayala atatu zonyamula anthu, mabelu ali ngrii ngrii mbali zonse.

Msika ndiye unandigwira mwendo. Ndinalowa kuti ndingodutsa, ndinatuluka patatha maola awiri. Mpunga milumilu, woyera ndi wofiirira, ndipo sayeza pa sikelo. Muyeso wake ndi kachitini ka mkaka wotsekemera kamene amati kapoaka. Nyemba, mtedza, mchere, tinsomba touma, zonse ndi kapoaka. Mayi wina anandidzazira mtedza mpaka kuchita kaphiri pamwamba, n'kuwonjezerapo kadzanja. Atanditchulira mtengo ndinadabwa kukwera kwake, koma ndinawerenga ndalamazo n'kumupatsa. Anaseka, anagwira dzanja langa, n'kundibwezera zambiri mwa izo. Iye ankatchula mtengo mu franc, ndalama yakale imene inasiya kugwira ntchito mu 2005, pomwe ine ndinkawerenga mu ariary. Ariary imodzi ndi ma franc asanu, ndipo anthu ambiri m'misika amawerengabe mwakale. Akanatha kungolandira kasanu konse osanena kanthu. Ndinati misaotra tompoko, zikomo mwaulemu, ndipo anandibwereza katchulidwe mpaka ndinakhoza.

Nkhomaliro ndinadyera pa kanyumba kodyera ka m'mbali mwa msika, pa benchi limodzi ndi anyamata opalasa njinga zija. Mbale ya mpunga yodzaza thi, pambali ravitoto, masamba a chinangwa osinja ophikira pamodzi ndi nyama ya nkhumba. Madzi akumwa anabwera otentha, ofiirira, onunkhira utsi: amathira madzi mu mphika mmene mwatsala nkhoko za mpunga n'kuwiritsa. Amati ranon'apango. Kwa munthu wapaulendo ndi madzi abwino koposa, poti ndi owiritsa. Anthu akuno amadya mpunga m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo makolo awo ena anachokera kutali ku zilumba za Indonesia. Chiyankhulo chawo chili pachibale ndi china cha ku Borneo, ngakhale kuti Africa ali pafupi chonchi.

Pobwerera ndinakhala pawindo, ndipo ndi pamene m'mawa ndi masana zinakumana m'mutu mwanga. M'mbali mwa msewu muli matumba a makala ondandalikidwa, kudikira malole opita ku Antananarivo. Ambiri ndi a bulugamu wochita kubzala, zimene zili bwinoko. Koma kuseri kwake ndinaona mapiri ometedwa, ena akuda ndi moto waposachedwa, ena angomera tchire ndi udzu. Umenewo ndi ulimi wa tavy: kutema nkhalango, kuotcha, kubzala mpunga wa kumtunda pa phulusa. Chaka choyamba umabereka, kenako nthaka imatopa, mvula n'kuikokolola, munthu n'kusunthira chamtsogolo. Kale malo ankawasiya zaka zambiri kuti aphukenso. Lero anthu achuluka, nthawi yodikira palibe. Mpunga wina umene ndinausirira mu kapoaka muja uyenera kuti unachokera m'mapiri otere. Sindingamuloze chala bambo amene akuotcha phiri kuti ana ake adye. Komanso nyimbo ija ikundilirabe m'makutu.

Madzulo ndinakumananso ndi bambo wondiperekeza uja kuti tikaone nyama za usiku. M'malo otetezedwa ndi boma salola kuyenda usiku, choncho tinatsata mphepete mwa msewu ndi matochi. Ndinamuuza zimene ndinaona pawindo. Anakhala chete pang'ono, kenako anati naye anakulira m'munda wa tavy, ndipo nkhwangwa anaigwira ali mwana. Anaisiya pamene alendo anayamba kumulipira kuti awaonetse babakoto ali moyo. Anatchulanso gulu la anthu a m'mudzi muno lotchedwa Mitsinjo, limene limafesa mitengo yachilengedwe ndi kuibzala pofuna kulumikiza zidutswa za nkhalango zimene zinadukana. Ndinachita manyazi kukumbukira kuti m'mawa ndinkafuna kunenerera malipiro ake.

Tochi yake inagwira timaso tiwiri tonyezimira m'chitsamba. Kanali ka lemur kakang'ono ngati mbewa, kofanana ndi changa, kakuthamanga pa nthambi yopyapyala ngati chingwe. Patsogolo pang'ono tinapeza bilimankhwe wamkulu ngati mkono wanga ali mtulo kunsonga ya nthambi, mchira atauzinga, khungu litayera. Achule anali kulira mbali zonse.

Pano ndili pabedi, ndikulemba ndi tochi ya pachipumi chifukwa magetsi azima. Pa akakolo pali kabala ka msundu umodzi umene unapeza njira. Mawa ndikufuna kukwera galimoto yopita ku Toamasina, kugombe, koma ndamupempha bambo uja kuti tiyambe talowanso m'nkhalango kamodzi. Ndinafunsa mayi wa nyumba ino ngati angandigogodere m'mawa. Anati adzagogoda, ndipo khofi adzakhala ali pamoto.