Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Khadi la amalume

Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo lapita lija. Mdzukulu wanga wandiwerengera zonse, ndi zowawa zomwe. Inu bambo a ku Chipoka amene munati munthu wogulitsa makhadi a chipani cha MCP alibe pakamwa ponenera za nthawi ya Kamuzu, ndakumvani, ndipo sindikutsutsani. Koma amene anagwira kope ndiye amadziwa mmene kopelo linkaphera anthu. Ndiyamba ndi zimenezo, kenako ndifike pa amalume monga ndinalonjezera.

Ndinasiyira pa 1971, chaka chimene kwacha inalowa m'malo mwa paundi, Kamuzu n'kukhala pulezidenti wamuyaya, ine n'kusiya sukulu fizi itasowa. Kunthambi ya chipani anandisankha ulembi chifukwa chimodzi chokha: dzanja langa linkawerengeka.

Makhadi ankachokera ku ofesi ya chipani ya ku boma, kutsikira ku dera, kufika kwa ife atawerengedwa kale. Ukasainira 200, ubweze ndalama ya makhadi 200. Kubweza otsala kunkaloledwa pakamwa pokha, chifukwa funso lotsatira linali lakuti, "Akukana ndi ndani kwanuko?" Khadi linali la chaka chimodzi, lili ndi nkhope ya Kamuzu ndi mzere wolembapo dzina. Ine ndinali ndi kope la sukulu, mudzi uliwonse masamba ake, nyumba ndi nyumba monga anyakwawa ananditchulira. Wogula ndinkamuchonga. Wosagula pa dzina lake pankatsala mpata, ndipo amene ankabwera kudzayendera sankawerenga mayina ochongedwa ayi, chala chawo chinkathamangira pa mipata.

Nyengo yogulitsa bwino inali ya thonje, kuyambira Juni mpaka Ogasiti, anthu ali ndi ndalama m'manja. Achinyamata a malaya ofiira ankamanga chingwe polowera msika, pa depoti ya basi, pa chigayo, ngakhale pa doko pogwetsera nsomba. Wopanda khadi sadutsa. Mu Januwale ndi Febuluwale, njala itafika pakhosi, anthu ankapereka nkhuku kapena mazira, ife n'kugulitsa kuti ndalama ikwane. Asodzi ndiwo ankavutika kwambiri: khadi likanyowa inki inkafufutika, ndipo khadi lofufutika linkatengedwa ngati palibe, ugulenso lina. Ochenjera ankalikulunga m'pepala la pulasitiki n'kulisokerera m'chipewa. Amayi ankabwerekana popita kumsika, poti achinyamata ambiri ankangoyang'ana chaka osati dzina. Ndipo chiwerengero chikaperewera, mwana wa kumsana ankagulidwira lake, mayi woyembekezera n'kugula awiri. Ndinalembapo ndekha "mwana wa uje" pa khadi la munthu amene anali asanabadwe.

Achinyamata amene mumafunsa kuti bwanji simunkangokana, mvetsani. Ngodya zinayi tinkaziloweza ngati Atate Wathu: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Pofika 1973 lamulo linafika mpaka pa thupi, mkazi asavale buluku kapena siketi yoonetsa mawondo, mwamuna tsitsi lisatalike. Koma chimene chinkamanga anthu sichinali lamulo la ku Zomba. Chinali chakuti wogwira chingwe ndi mwana wa mnansi wako, wapampando ndi mlamu wako, mlembi ndi mwana wa mlongo wako. Msilikali sankafunika.

Amalume mukuwadziwa kuchokera m'gawo lachiwiri, mmisiri wa matabwa uja amene anandilipirira fizi ya Fomu 1, nkhoswe ya amayi. Anali a Mboni za Yehova ine ndisanabadwe. Mpingo wawo unaletsedwa mu 1967, koma kwathu anthu ankangowayang'ana kumbali, poti chitseko chilichonse cha m'mudzimo, ndi cha wapampando chomwe, anapala ndi iwo. Msonkho ankakhoma chaka chilichonse, malisiti ali m'chitini. Khadi lokha ndilo ankakana.

Mu Seputembala 1972 msonkhano waukulu wa chipani unagamula kuti a Mboni achotsedwe ntchito ndi kuthamangitsidwa m'midzi. Mawu atatsikira kwa ife, anandiuza kuti Loweruka ndibweretse kope.

Lachinayi usiku ndinatenga khadi limodzi, ndinaikapo ndalama yangayanga, ndinalemba dzina la amalume, n'kuchonga m'kope. Ndinawapeza pakhonde akunola chipalo pa mwala, koloboyi ili pambali. Ndinagwada, n'kuwapatsa ndi manja awiri.

Analiyandikizitsa ku moto, analiwerenga nthawi yaitali ngati kalata yochokera kutali.

"Walemba bwino, mphwanga," anatero. "Ndalama wapereka yako?"

"Yanga, amalume. Simukuyenera kulinyamula. Lingokhala pa tsindwi. Chofunika n'chakuti m'kopemu musakhale mpata."

Anakhala chete. M'nyumba azakhali anali atasiya kusuntha mbale, ndinadziwa kuti akumvetsera.

"Loweruka akaona dzina langa lochongedwa, apita kwa abale anga kutsidya kwa mtsinje, akawauza kuti mkulu wanu wagula, inu ndinu ndani. Ndidzawayankha chiyani anthu amenewo? Dzina ili ndi langa. Sunandipemphe."

Ndinalira. Ndinawauza kuti aganizire amayi, aganizire ana. Ndinanena mawu amene mpaka lero amandiwotcha, akuti kapepala kokha sikangaphe chikhulupiriro cha munthu. Iwo anati, "Ngati ndi kapepala kokha, bwanji akufuna kundiwotchera nyumba?" Anandibwezera khadi, ndi manja awiri ngati mmene ndinawapatsira, n'kunena kuti, "Ukafufute. Usadzinamizire chifukwa cha ine, ungavulale nawe."

Ndinafufuta. Pa izi ndiye mwana wawo wamkulu, amene ndikudziwa kuti amawerenga ngakhale salemba, wakhala akundiimba mlandu zaka zonsezi. Msuweni, ndikuyankhe pano pagulu. Sindinatsogolere aliyense kunyumba kwanu. Ndikanasiya chichongo chija, bambo ako akanaimirira pabwalo Loweruka n'kunena okha kuti n'chabodza, ndipo akanagwa awiri m'malo mwa mmodzi. Koma kope linali langa, ndipo mpata umene chala chinaima, ndinauyeretsa ndine ndi labala. Zonse ziwirizi n'zoona.

Achipani anabwera Loweruka dzuwa litalowa. Ine ndinaima pansi pa mtengo wa mango ndi kope m'khwapa, poti mlembi ankayenera kukhalapo. Anayamba ndi shedi. Macheka, zipalo, matabwa a mlombwa amene anali atawumitsa zaka ziwiri, zonse pamoto. Amalume anawatulutsa atavala kabudula yekha. Ankawamenya n'kuima, n'kufunsa, "Ugula?" Iwo ankayankha mawu amodzimodzi, osakweza, "Sindigula." Anthu a m'mudzi anaima mozungulira, ena ndi ana kumsana, wopanda ndi mmodzi yemwe wotsegula pakamwa. Amayi anathamanga kuchokera kunyumba, mpango utagwa, n'kudziponya pa mlongo wawo. Wina anawakoka pa mkono n'kuwakumbutsa kuti Nkhoswe ya amayi onse ndi Kamuzu. Amayi anakuwa kuti, "Nkhoswe yanga ndi iyi mwaigonekayi!" Kenako anatembenuka, maso awo anandipeza pansi pa mango paja. Sananene kanthu.

Chitseko cha nyumba anachizula n'kuchiponya pamoto pomaliza. Chinachedwa kugwira, chinali cholimba.

Kutacha anali atapita, wapansi, kulowera kumadzulo. Anakafika ku Sinda Misale ku Zambia, anabwezedwa, anathawira ku Mozambique, mu 1975 anabwezedwanso, amalume n'kukathera kundende ya Dzaleka. Ine ndinakwatira, ndinabereka ana anayi, ulembi ndinausiya mu 1978 ponamizira maso. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndinavotera nyali ya zipani zambiri, osauza ngakhale mkazi wanga, poti kuno ambiri anali a tambala wakuda. Chaka chomwecho chiletso cha a Mboni chinachotsedwa.

Amalume anabwerera kumudzi akuyenda ndi ndodo, dzanja lamanja losapindika bwino. Tsiku loyamba anandiitana kuti ndiwagwirire thabwa, poti okha sakanatha kupala. Tinagwira ntchito mpaka masana osatchula chilichonse. Khadi lija ndikadali nalo m'chitini chawo cha malisiti, chimene azakhali anandipatsa pa maliro.

Amayi anakhala miyezi isanu ndi iwiri osandiyankhula, nsima akungondiikira pakhomo. Ambiri mwafunsa kuti tinayanjana bwanji. Zimenezo ndi za gawo lotsatira, mdzukulu akabwerako ku Lilongwe ndi foni.