Mwana ayambe wagwira, kufotokoza kubwere pambuyo

Tsopano mtima wakhala pansi. Chimene chinkandizunguza mutu pa nkhani yolowetsa kaphunzitsidwe ka makolo m'sukulu zathu ndachigwira: nkhani yagona pa chimene chimayamba. Kusukulu timayambira pa bolodi, mwana n'kukaona pambuyo ngati nthawi yatsala. Makolo ankati mwana aone, agwire ntchito pambali pa wamkulu, alakwitse, kufotokoza kubwere iye atafunsa yekha.

Kwa ine palibe choposa nazale ya msangu pophunzitsa motere. Njere zake n'zolimba khungu, mukangofesa zambiri sizimera. Zigaweni pawiri. Zina ana azibudule pang'ono m'mbali ndi chodulira zikhadabo, zina azifese momwemo, inu musanene kanthu. Pakatha masabata awiri machubu ayankha okha, ndipo funso lichokera kwa ana. Machubuwo akhale pathandala, chifukwa muzu wa msangu umathamangira pansi. Ukaboola chubu n'kulowa m'nthaka umaduka ponyamula, mbande n'kufa kapena kupinimbira, pomwe pathandala nsonga ikatuluka imangouma ndi mphepo. Okani mbande zili ndi masabata 5 kapena 6, motalikirana mamita 10 mbali zonse. Ana ayeze ndi chingwe, apeze okha kuti pa hekitala pakulowa mitengo 100. Samu yalowa kale pamenepo.

Kenako aitanidwe agogo a m'mudzi. Iwo akudziwa kuti msangu umayoyola masamba mvula ikayamba, n'kuphukira m'chilimwe, choncho suphimba chimanga, ndipo chimanga cha pansi pake chimanenepa. Mawu oti nayitirojeni, chakudya cha mbewu chimene masambawo amasiya m'nthaka, abwere pomaliza, mwana ataona kale chimene akutchula.

Chondiwawa ndi nthawi. Temu yachitatu imatseka kumayambiriro kwa Disembala, pomwe mvula kuno ku Chipata ikukhazikika. Mukachedwa kufesa kupitirira pakati pa Okutobala, nthawi yooka imapeza sukulu yatseka, ndipo pobwera mu Januwale mupeza mizu yapindikira m'machubu, mbuzi zadya nsonga. Mphindi 40 za phunziro limodzi zimathera kotunga madzi. Komanso aphunzitsi ena dimba la sukulu analisandutsa chilango cha ochedwa. Mwana amene khasu walidziwira pa chilango, angalikonde bwanji?

Za kudambwe ndi za kuchinamwali zili ndi eni ake, anamkungwi ndi mafumu, ndipo kalasi si malo ake. Chimene tikubwereka ndi kachitidwe kokha.

Pamene ndikukayikabe ndi apa. Makolo ankaphunzitsa mwana mmodzi kapena awiri pambali pawo. Chiyambire maphunziro aulere kuno ku Zambia mu 2022, makalasi adzaza mpaka pakhomo, ndipo mayeso a boma amafunabe cholembedwa papepala. Mwina kuwagawa m'magulu a anthu 6, gulu lililonse ndi machubu ake, kungathandize. Koma mwana wofatsa uja, amene safunsa ngakhale njere zake zitakana kumera, kaya njira imeneyi imamufikira.