Lipoti la ulendo wa aphunzitsi a mbiri yakale ku Istanbul

Gulu lathu la aphunzitsi a mbiri yakale m'sukulu za sekondale linapita ku Istanbul, m'dziko la Turkey, kukaona malo a ufumu wa Ottoman, umene mabuku ambiri a Azungu amaufotokoza monga wodwala amene abale akungodikira kuti atsirizike. Mbiri imati amene anautchula choncho ndi mfumu ya Russia, Nicholas I, m'chaka cha 1853.

Tinayambira ku mzikiti wa Süleymaniye, umene mmisiri Mimar Sinan anamaliza kumanga mu 1557, ndipo kuseri kwake kuli manda a Sultan Süleyman, amene anamwalira mu 1566. Pamandapo tinatsutsana nthawi yaitali, chifukwa olemba mbiri ambiri a ku Ulaya ankaphunzitsa kuti ufumuwu unayamba kugwa pa imfa ya mfumu imeneyi, chonsecho unathetsedwa mu 1922, patadutsa zaka 356. Mayi wina wa m'gulu lathu anafunsa kuti ufumu wofooka ukanatha bwanji kuzinga mzinda wa Vienna, ku Austria, mu 1683, n'kupitiriza kulamulira Damascus, ku Syria, mpaka 1918. Ine ndikuona kuti maganizo a Azungu ankasintha potsata mantha awo. Süleyman ali moyo, kazembe wa mafumu a banja la Habsburg a ku Austria, Busbecq, anayamikira Aturuki chifukwa chokweza anthu pa maudindo poyang'ana luso osati mtundu wa makolo, koma mantha atatha, zidzukulu za anthu omwewo zinayamba kuona ulesi ndi nkhanza zokhazokha.

Ku nyumba yachifumu ya Topkapı tinalowa m'chigawo cha akazi. Ojambula zithunzi a ku Ulaya, amene sankaloledwa n'komwe kupondamo, ankachionetsa ngati malo a zilakolako basi, koma m'menemo munkakhalanso mayi wa mfumu, amene mawu ake ankamveka pa nkhani za boma.

Sitinapite kukayeretsa ufumuwu. M'zaka za m'ma 1800 unafookadi, unataya madera ambiri a ku Balkan, kum'mwera chakum'mawa kwa Ulaya, ndipo kuphedwa kwa Aarmeniya ambirimbiri kuyambira mu 1915 si nkhani yoibisa. Chimene mabuku athu amangochidumpha ndi ngongole. Boma linatenga ngongole yake yoyamba yakunja mu 1854, pa nkhondo ya ku Crimea, ndipo patangopita zaka ziwiri linamaliza nyumba yapamwamba ya Dolmabahçe, imene tinaiyendera modabwa ndi kuwala kwa magalasi ake. Mu 1875 linalephera kubweza, ndipo mu 1881 eni ngongole a ku Ulaya anapatsidwa bungwe lotolera okha misonkho ya mchere, fodya, silika, mowa ndi nsomba. Likulu la bungwelo, limene tinaliona m'dera la Cağaloğlu ku Istanbul komweko, tsopano ndi sukulu ya sekondale.

Tinagwirizana kuti pophunzitsa za nkhondo yoyamba yapadziko lonse tizifotokozanso za bungwe limeneli, ndipo aphunzitsi awiri apatsidwa ntchito yokonza zolemba zoti tidzagawane pamsonkhano wathu wotsatira.