Galimoto yofiira ya zitseko ziwiri

Ku banki anandikana mwaulemu kwambiri. Mayi wa pa desiki ya ngongole anayang'ana pepala la malipiro anga, nayang'ana chithunzi cha Toyota 86 chomwe ndinawaonetsa pa foni, kenako n'kubwereranso ku pepala lija. "Bwana, ngongole ya Vitz ija mudakabweza. Tikakupatsani ina, pakutha pa mwezi simudzatsala ndi ndalama ngakhale ya mchere." Ndinati ndiye ndingogulitsa Vitz. Iwo anati blue book ili m'kabati mwawo, ndipo idzatulukamo tsiku lomwe ndidzamalize kubweza. Ndiye kuti Loweruka lililonse ndinkangotsukira eni ake galimoto.

Koma inu 86 ija mukanaiona. Yofiira psuu, zitseko ziwiri, injini ya malita awiri yopangidwa ndi Subaru, mphamvu yonse ili ku matayala a m'mbuyo. Inali ku Japan, ine ndili ku Area 25, koma usiku ndinkaimva kulira kwake.

Ndalama yogulira ndinaisonkha uku ndi uku. Ina ndinakongola ku SACCO ya kuntchito, ina inachokera ku banki mkhonde kudzera mwa mayi a kunyumba. Iwowo ndinangowauza kuti ndikuitanitsa Toyota yoti itithandize pakhomo. Anaganiza kuti ndi Sienta yonyamula anthu, ndipo anayamba kale kufunsira dalaivala kutchalitchi. Sindinawatsutse. Munthu akamasangalala si bwino kumudula mawu.

Galimoto ili pa nyanja kulowera ku Dar es Salaam, mu Novembala 2023, kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Dola yomwe inali pa K1,180 inadzuka ili pa K1,700. Msonkho wa galimoto amawerengera mtengo wake wa m'madola n'kuusandutsa makwacha, choncho ajenti wanga ataimba kuchokera ku Songwe, anayamba ndi kufunsa ngati ndakhala pansi. Ndalama yomwe ndinasungira msonkho sinakwane, ndipo galimoto ikagona pa boda imalipitsidwa malo ogona kuposa munthu. Apa ndi pomwe ndinapita kwa bambo wina wa katapila, wovala jekete nthawi yotentha, yemwe pa K100,000 iliyonse amafuna K50,000 yapamwamba pa mwezi. Chikole chake chinali 86 yomweyo, asanaione n'komwe.

Ulendo wochokera ku Karonga unali wokoma, ndisaname. Pokwera Chiweta ndinkapitirira mathiraki ndikuimba nyimbo. Mavuto anayamba nditasiya tala. Kuchokera pansi kufika pa mimba ya galimotoyi pali masentimita 13 okha, pomwe msewu wopita kwathu uli ndi zigwembe zoti mbuzi imabisalamo. Pa geti pathu pali ngalande yomwe Vitz imangodumpha osaganiza. 86 inalowetsa mphuno, inalira kuti khwee, n'kukhala pamimba, matayala a m'mbuyo akuzungulira m'malere.

Anyamata a kabaza a pa kona anabwera akuthamanga. Anainyamula ndi manja n'kuilowetsa kumpanda, mtengo K5,000. M'mawa anaitulutsa, K5,000 inanso. Pofika sabata yachiwiri anali atagawana mashifiti, ndipo mmodzi anandipempha kuti ndizimuuziratu ndikafuna kuchedwa kubwera.

Mayi a kunyumba anaizungulira galimotoyo kamodzi, manja ali m'chiuno.

"Abambo, anthu azikwera pati?"

"Kumbuyoku kuli mipando iwiri."

"Ya anthu amiyendo?"

Yankho linabwera pomwe apongozi anafika kuchokera ku Ntcheu. Vitz inali itapita kukanyamula anthu, chifukwa tsopano ndiyo inkadyetsa mng'ono wakeyo, ndiye ndinakawatenga ku depoti pa 86. Anabwera ndi thumba la chimanga, dengu la mbatata ndi tambala wamoyo. Thumba linakana kulowa m'buti. Tinalikhazika pa mpando wakutsogolo n'kulimanga lamba, zomwe zinatanthauza kuti apongozi alowe kumbuyo.

Kwathu mkamwini ndi apongozi ake sayandikana, ngakhale kuyang'anana m'maso. Tsiku limenelo mawondo awo anali pamsana panga kuchokera ku depoti mpaka ku Kanengo, tambala akundiyang'ana pa galasi. Hampu iliyonse ndinkaikwera chammbali, pang'onopang'ono, ma minibasi akuliza mahutala kumbuyo. Apongozi sanalankhule kanthu mpaka pa ngalande paja. Anyamata atafika anati lero mtengo ndi K8,000 chifukwa muli katundu.

"Katundu wake ndine?" anafunsa apongozi.

Kutuluka kunavuta kuposa kulowa. Mwendo unachita dzanzi, mpando unakana kupindika chifukwa cha thumba, ndipo pamapeto pake anatuluka chafutambuyo, ana awo akuwakoka, ine nditatembenukira kumpanda kusunga mwambo. Atapuma anafunsa mwana wawo, mokweza kuti ndimve, ngati galimotoyo idzakule.

Pakutha pa mwezi banki inadula yake ndisanaione n'komwe ndalamayo. SACCO inadulanso. Amayi a banki mkhonde anabwera okha Lamlungu masana, anakhala pakhonde atavala zitenje zofanana, osakalipa, akungocheza za mitengo ya feteleza mpaka ndinatulutsa ndalama. Wa katapila ndinamupatsa nkhani. Mwezi wotsatira ndinamupatsanso nkhani ina yabwinopo.

Mu Januwale mvula inagwa usiku wonse, ngalande ija inasanduka chigwembe chofika m'chiuno. Anyamata a kabaza anabwera, anayeza ndi maso, anati ntchito imeneyi yawakulira. 86 inatsekeredwa kumpanda. Mayi a kunyumba anayamba kuyanikapo zovala za ana, ati chitsulo chake chimaumitsa msanga.

Wa katapila anafika Lachisanu ndi dalaivala wake kudzatenga chikole. Ndinamupatsa makiyi ndi manja awiri. Analiza injini, anamwetulira, anafika pa geti n'kuima. Anatsika, anayang'ana chigwembe, anayang'ana galimoto, anavula jekete koyamba chimudziwireni.

"Achimwene, munailowetsa bwanji muno?"

"Pamanja."

Analoza Vitz. Ndinamuuza kuti imeneyo akakambirane ndi a banki, mwini wake ndi iwowo. Anayenda kuzungulira bwalo, anasuzumira pawindo la pabalaza, anafunsa ngati filiji ija ndi yanga. Mayi a kunyumba anayankha ali kukhitchini kuti filijiyo ili kale m'buku la banki mkhonde.

Anandibwezera makiyi. "Muzindisungira bwino, ndidzaitenga mvula ikatha. Muziiliza m'mawa uliwonse batire lingafe."

"Nanga mafuta oilizira?"

Anapisa dzanja m'thumba, anatulutsa K10,000, kenako anatulutsanso kabuku kake n'kulemba.