Liwiro la nyimbo likamasinthasintha: mbiri ya bizinesi yathu ya zoimbira ku Ulongwe

Bizinesi yathu ndi yobwereketsa zoimbira ndi kuulutsa nyimbo pa maukwati, pa zinkhoswe, pa mafesta a sukulu ndi m'mabaraka a kuno ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique. Anthu akagulitsa mbatata ya kachewere, nyemba ndi fodya, ntchito imachuluka ndipo timafika ku Dómuè, ku Tsangano mpaka kumalire a Calómuè. Katundu wathu ndi masipika, ampulifaya, mikisa, jenereta, lapitopu ndi ma turntable (makina ozunguza chimbale) awiri a Technics SL-1200MK2 omwe tinagula ogwiritsidwa kale ntchito. Ma turntable ndi amene amatisiyanitsa ndi ena obwereketsa zoimbira. Achinyamata amaunjikana kudzaona dzanja likugwira chimbale, ndipo eni mwambo amatiitananso chifukwa cha zimenezo. Ndi amenenso amadya nthawi yathu yambiri yokonzekera.

Nyimbo zenizenizo zimakhala mu lapitopu. Chimbale chimene chimazungulira pa turntable chilibe nyimbo, chili ndi kamluzu kamodzi kosalekeza. Pa zimbale za Serato, pulogalamu ya DJ imene timagwiritsa ntchito, kamluzuko ndi ka 1 kHz. Singano imawerenga kamluzuko n'kukatumiza ku kompyuta kudzera mu mikisa, ndipo pulogalamu imadziwa liwiro, kumene chimbale chikulowera ndi pamene singano ili. Kamluzu kakakwera, nyimbo imathamanga. Kakatsika, imachedwa. Choncho chilichonse chodetsa kapena kugwedeza kamluzuko, pulogalamu imachitenga ngati lamulo la DJ. Pagona vuto lonse ndi pamenepa: nambala ya BPM, yowerenga kugunda kwa nyimbo pa mphindi imodzi, imavinavina, nyimbo ziwiri zimene zimayendera limodzi zimayamba kusemphana, ndipo ovina amazimva m'miyendo msanga kuposa mmene DJ amazionera pa sikirini.

Si kusuntha kulikonse kumene kuli vuto. SL-1200MK2, imene inatuluka mu 1979, ili ndi mota yoyendetsa platter (mbale yozungulira pamene pamakhala chimbale) mwachindunji popanda lamba, ndipo liwiro lake limagwiridwa ndi quartz, kamwala kosunga nthawi monga ka m'wotchi. Opanga analemba kuti kusinthasintha kwake ndi 0.025 peresenti, kutanthauza pafupifupi 0.03 BPM pa nyimbo ya 120 BPM. Nambala ikamasewera pakati pa 119.9 ndi 120.1, timaisiya, khutu silimva. Ikafika theka la BPM kapena kuposa, kapena mawu a woimba akamamveka ngati akulira, pamenepo timayamba kufufuza.

Timayamba ndi kuyesa kumodzi kumene kumagawa vuto pawiri. Timaika deki (mbali ya pulogalamu yoimira turntable imodzi) yovutayo pa INT, pamene pulogalamu imayendetsa nyimbo yokha osamvera chimbale. Nyimbo ikakhazikika, ndiye kuti lapitopu ilibe mlandu, vuto lili pa tebulo: chimbale, singano, mawaya, mota kapena magetsi. Ikapitiriza kudukaduka kapena kuthetheka, timayang'ana kompyuta: kukweza buffer (mawu amene kompyuta imasungiratu isanawatulutse) pang'ono, kuzimitsa Wi-Fi ndi Bluetooth, kutseka mapulogalamu ena, kuchotsa makonzedwe osunga batire ndi kulumikiza chingwe cha USB pa lapitopu penipeni osadzera pa hub. Pali chinanso choti mukumbukire. Nyimbo zakale za mabandi oimba ng'oma ndi manja, komanso za makwaya, zilibe liwiro limodzi kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Amapiano opangidwa pa kompyuta amayenda mofanana mpaka kumathero, koma marrabenta yojambulidwa ndi bandi imapuma monga anthu apumira. Imeneyo siikonzedwa ndi sikuludiraiva.

Vuto likakhala pa tebulo, lamulo lathu ndi losintha chinthu chimodzi pa nthawi. Choyamba timasinthanitsa zimbale pakati pa ma turntable awiriwo. Vuto likatsata chimbale, tapeza. Likatsala pomwepo, timasinthanitsa mitu ya singano, kenako mawaya a mawu (RCA) pa mikisa. Wosintha zitatu nthawi imodzi angathe kuthetsa vuto osadziwa chimene chinalakwika, ndipo Loweruka lotsatira lidzamupezanso.

Chimbale chimalakwa kawirikawiri kuposa mmene anthu amaganizira, ndipo chili ndi chizindikiro chake. Pa liwiro la 33 ndi gawo limodzi la magawo atatu, chimbale chimazungulira kamodzi pa masekondi 1.8. Ngati BPM ikukwera ndi kutsika mofanana pa masekondi 1.8 alionse, yang'anani mkono wa singano muli pamwamba. Mukaona ukusunthira kumanja ndi kumanzere, bowo la chimbale silili pakati penipeni kapena lakula. Kuphonya kwa theka la milimita kumaoneka ngati kanthu kachabe, koma singano ikakhala mamilimita 100 kuchoka pakati, kumabweretsa kusintha kwa 0.5 peresenti m'mwamba ndi pansi, ndiye kuti 0.6 BPM pa nyimbo ya 120. Singano ikamayandikira pakati, vutolo limakula: pa mamilimita 60 limafika pafupifupi 1 BPM. N'chifukwa chake nyimbo imatha kuyamba bwino n'kudzasokonekera kumapeto. Bowo likakhala lotakasuka, timamata timizere tating'ono ta tepi ya pepala m'mphepete mwake, mofanana mbali zonse, mpaka chimbale chisiye kugwedera. Likathina kwambiri, chimbale chimagwira chitsulo cha pakati ndipo chimakoka mukachisiya. Timalikulitsa pang'onopang'ono pozunguza pensulo. Koma bowo lodindidwa pambali kuchokera kufakitale silichira, chimbalecho timangochipumitsa.

Mkono ukamakwera ndi kutsika, chimbale chapindika ndi kutentha. Kuno kumapiri kumazizira, koma ulendo wotsikira ku Moatize ndi ku mzinda wa Tete mu Okutobala kapena Novembala, pamene kutentha kumadutsa madigiri 40, ungathe kupinda chimbale chosiyidwa m'galimoto yotsekedwa. Zathu zimayenda zitaima chilili m'bokosi, zitapanikizana bwino, kutali ndi zenera ndi dzuwa.

Kenako fumbi. Kuyambira Julayi mpaka mvula yoyamba, bwalo la ukwati limafuka anthu akangoyamba kuvina, ndipo pasanathe ola kunsonga kwa singano kumakhala kampira ka fumbi ndi ubweya wa slipmat, kansalu ka pansi pa chimbale. Kampirako kamanyamula singano kuti isakhale pansi pa mzere, kamluzu kamafooka, pulogalamu n'kuyamba kulota liwiro. Timapukuta singano ndi kaburashi kofewa kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo, osati cham'mbali, nthawi iliyonse tikamasintha nyimbo pa deki imeneyo. Chimbale timachitsuka kunyumba ndi kansalu kofewa ndi madzi oyera othira m'batire, osati asidi, n'kuchiumitsa pamthunzi. Poyambira chimbale ndi pamene pamatha msanga chifukwa aliyense amaika singano pamenepo. Pa REL, amene ndi makonzedwe ena kupatula INT, pulogalamu imangotsata liwiro ndi kumene chimbale chikulowera, choncho timaika singano chamkati pang'ono pamene mzere udakali wabwino. REL imathandizanso kuti singano ikadumpha nyimbo isadumphe nayo, monga imachitira pa ABS, pamene nyimbo imatsata malo enieni a singano.

Kulemera kwa singano timakuyeza ndi kasikelo ka digito. Timatsata zimene wopanga analemba, ndipo mitu yambiri ya DJ ya Ortofon Concorde imafuna magalamu atatu kapena anayi. Popanda sikelo, ikani anti-skate (kozunguza koletsa mkono kukokera pakati) pa ziro, zunguzani chitsulo cholemera cha kumbuyo mpaka mkono uyandame mowongoka, bwezani mphete ya manambala yokha pa ziro, kenako zunguzani chitsulo chonse mpaka pa kulemera kofunika. Zomata ndalama yachitsulo pamutu wa singano timazikana. Zimapinda kamtengo ka singano ndipo zimadya chimbale chimene sichipezeka m'sitolo za kuno. Singano ndi zimbale timaitanitsa kutali, ku Johannesburg kapena kudzera kwa abale, ndipo zimatenga nthawi kuti zifike.

Pa tsamba la setup pulogalamu imaonetsa kamluzu kaja ngati bwalo, ndipo bwalo limenelo limanena zambiri. Lozungulira bwino ndi loyera likutanthauza kuti zonse zili m'malo. Likasanduka mzere umodzi, mbali imodzi, yakumanja kapena yakumanzere, siikufika. Nthawi zambiri ndi timapini tinayi ta kumbuyo kwa mutu wa singano tachita dzimbiri, kapena kamodzi mwa timawaya tinayi, koyera, kabuluu, kofiira ndi kobiriwira, kamasuka. Timapini timatipukuta ndi labala ya pensulo kenako kansalu ka spiriti. Ena amatinyambita kuti tigwire, ndipo timagwiradi usiku umenewo, koma malovu ndi amene amabweretsa dzimbiri lomwelo. Bwalo likakhala laubweya, mwalowa phokoso la magetsi: mangani kawaya ka ground pa sikuluwu yake ya pa mikisa, ndipo tayesani kuzula chaja ya lapitopu muone ngati bwalo liyera. Likayera, sinthani chaja, musadule phini la ground pa pulagi. Nyimbo ikamayenda chambuyo, mawaya a RCA asemphanitsidwa. Onaninso kuti kaswichi ka pa mikisa kali pa phono, osati pa line.

Bwalo likamanjenjemera pamodzi ndi ng'oma ya nyimbo, besi ikubwerera mu singano. Ili ndi vuto la malo, ndipo timalikambirana ndi eni mwambo tisanatsitse katundu. Tebulo la DJ silikhala pa nsanja yamatabwa imene pali masipika a besi kapena ovina, ndipo silikhala pakona ya holo pamene besi imaunjikana. Pansi pa turntable iliyonse timaika silabu ya konkire itagona pa mipira ya tenesi yodulidwa pakati, n'kuyeza ndi levulo kuti pasapendekeke. Tikatha kuyatsa zonse timakweza nyimbo mmene idzamvekere usiku, timaika singano pa chimbale choima, n'kugwira batani la Estimate mu Serato, loyeza phokoso la pamalopo, mpaka kamzere kaleke kusuntha. Kuchita zimenezi m'holo yachete masana n'kutaya nthawi.

Magetsi a kuno ndi a 220 V pa 50 Hz, koma kumidzi yambiri timadalira jenereta. Jenereta yaing'ono imafooka nthawi iliyonse ampulifaya ikakoka besi, ndipo mumaimva injini ikubuula. Ma turntable a lamba okhala ndi mota yotsata ma hertz a magetsi amachedwa nayo limodzi. A quartz samatsata ma hertz, koma mphamvu ikagwa kwambiri nawonso amataya liwiro, ndipo mikisa imatha kuduka ku lapitopu. Tinagawa magetsi pawiri: ampulifaya ndi magetsi owunikira pa jenereta, pamene ma turntable, mikisa ndi lapitopu zimadya pa batire ndi inveta ya pure sine wave. Zimenezi sizikoka mphamvu yambiri. Chingwe chochoka ku jenereta ndi cha 2.5 mm², chotambasulidwa chonse, ndipo timayeza ndi mita kumapeto kwake nyimbo ikulira.

Turntable yeniyeniyo timaikayikira pomaliza. M'mphepete mwa platter muli mizere inayi ya timadontho, ya +6, +3.3, ziro ndi -3.3 peresenti. Pitch, imene ndi fader yokankha posintha liwiro, ikakhala pa ziro, mzere wake uyenera kuoneka woima pansi pa kanyali kofiira. Ukaima nji koma pulogalamu ikuvinabe, mota ilibe vuto, bwererani ku chimbale, singano ndi slipmat yoterera kwambiri. Ukamayenda kapena kudumpha mukangokhudza pitch, fader yadetsedwa. Timapopera pang'ono mankhwala otsukira ma fader n'kuiyendetsa uku ndi uku kambirimbiri makina atazimitsidwa. Pa MK2 malo oyandikana ndi ziro, pamene fader imagwera m'kadzenje, ndi ovuta kukhazikitsa, ndiye posakaniza timakankhira nyimbo zonse ziwiri kutali pang'ono ndi pamenepo. Chitsulo cha pakati chimafuna madontho awiri kapena atatu a oyilo wopepuka pa maola 2,000 alionse. Chimene timauza aliyense wogwira katundu wathu n'chakuti asayatse turntable platter itachotsedwa, chifukwa maginito a mota ali pansi pa platter ndipo zamkati zingathe kupsa. Zokonza timasikuluwu ta pitch ta mkati timazisiyira katswiri wokhala ndi zoyezera.

Pa ndalama imene timalipiritsa timawerengeramo mafuta a jenereta, mayendedwe ndi kagawo kosungira singano ndi zimbale zatsopano, popeza izi zimatha ngakhale zisamalidwe bwanji. Timafika maola awiri mwambo usanayambe, ndi zimbale ziwiri zapadera, mutu wa singano womangamanga kale ndi mawaya ena a RCA. Pa misewu yafumbi ya ku Tsangano mkono umayenda womangidwa, chitsulo cholemera chitachotsedwa. Vuto likabuka mkwati ndi mkwatibwi ali pakati pa bwalo, deki yovutayo imapita pa INT nthawi yomweyo, nyimbo imapitirira, ndipo wothandizira amapukuta singano ndi kusintha chimbale kwinaku perekaniperekani ali mkati.