Ndalama za mayeso a uloya zizioneka pa pepala

Makolo a kuno ku Chipata amene mumagulitsa nshawa ndi soya kuti mwana akamalize ku ZIALE, sukulu ya uloya ya omaliza digiri ku Lusaka, tamverani. Digiri yokha sipatsa munthu uloya m'Zambia, mpaka akhoze mayeso a uloya a LPQE, amene amalembedwa ku ZIALE. ZIALE inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996, choncho mabuku ake a ndalama ayenera kuunikidwa ndi Auditor General, mkulu wounika ndalama za boma, ndipo aphungu a Public Accounts Committee, komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za ndalama za boma, atha kuitana akuluakulu ake kudzayankha mafunso.

Lipoti la chaka la ndalama za ZIALE likatuluka, musathamangire chiwonkhetso cha pansi. Tengani chiwerengero cha ophunzira, muchulukitse ndi fizi, muyerekeze ndi zomwe zalembedwa kuti zinalowa. Ndalama za obwereza mayeso zizikhala pa mzere wakewake, chifukwa zikasakanizidwa ndi fizi ina palibe angadziwe kuti bungwe likupeza zingati anthu akalephera. Apa mpamene pagona nkhani!

Mabungwe ambiri amagwa pa zazing'ono: malisiti osagwirizana ndi sitetimenti ya kubanki, ndi imprest (ndalama zopatsidwiratu wantchito kuti akagwirire ntchito) yosabwezedwa malisiti ake. Muonenso tsiku limene lipotilo linasainidwa. Likachedwa zaka ziwiri, osunga ndalama ena amakhala atachoka kale pantchito.