Paketi ya R10 yandiphunzitsa za kasitomu

Sabata ino pa kosi yanga ya madzulo ya za kasitomu tinafika pa mutu wa ndudu zozembetsa. Ndinauyamba monyozera. Ine ndinakulira m'chigafa ku Kasungu, ndikusoka fodya ndi bambo anga mpaka zala kuda. Angandiuzenso chiyani za fodya?

Anandigonjetsa ndi masamu. Msonkho wa boma pa paketi ya ndudu 20 kuno ku South Africa umapitirira R20, VAT tisanaiwerengere. Koma pa spaza ina (kagolosale ka m'makwalala) kufupi ndi kumene ndimakhala ku Rosettenville mu Johannesburg, paketi yathunthu ndinaionapo pa R10. Wopanga wadyapo, wonyamula wadyapo, wa spaza naye wapeza yake. Ndiye kuti amene sanalandire kanthu ndi SARS, bungwe lotolera misonkho la dziko lino.

Kale ndikamva za kuzembetsa, m'mutu mwanga munkabwera anyamata owoloka Limpopo usiku pafupi ndi Beitbridge, makatoni ali pamutu. Alipodi. Koma ofufuza a ku University of Cape Town akhala akuonetsa kuti ndudu zambiri zosalipira msonkho zimapangidwa mommuno. Njira ina inandidabwitsa kuphweka kwake. Katundu wopita kunja salipira msonkho wa kuno. Ndiye munthu amangolemba mapepala kuti lole yanyamuka kupita dziko loyandikana nalo, zidindo zonse zilipo, koma loleyo siwoloka malire. Ndudu zimatsitsidwa kuseri n'kulowa m'maspaza. Bodza lotere SARS yokha ingalivutikire kuligwira, pokhapokha a kasitomu a tsidya linalo atanena kuti kuno sikunafike kalikonse. Apa mpamene ndinamvetsa kuti mgwirizano wa mayiko si misonkhano ya m'mahotela yokha ayi. Nthawi zina ndi kalaliki mmodzi kufunsa mnzake wa kutsidya ngati nambala ya katundu ikugwirizana.

Pangano la nkhani imeneyi lilipo, lochokera ku pangano lalikulu la WHO lolimbana ndi fodya la 2003. Pangano la zozembetsali linavomerezedwa ku Seoul mu 2012, n'kuyamba kugwira ntchito mu 2018. Mtima wake ndi woti paketi iliyonse ikhale ndi chizindikiro chakechake cholondolera kumene inapangidwa ndi msika umene imayenera kupita, komanso kuti opanga akhale ndi ziphaso ndipo azidziwa amene akuwagulitsa katundu. South Africa inasaina pangano la zozembetsali mu 2013. Kwathu ku Malawi tinalowa pangano lalikulu lija mu 2023, ndipo sindidabwa kuchedwako, poti fodya ndiye amabweretsa ndalama zambiri zakunja.

Mnzanga wina m'kalasi anakumbutsa za 2020, boma la South Africa litaletsa kugulitsa ndudu kuyambira March mpaka August chifukwa cha Covid-19. Tonse tinaseka, chifukwa palibe wosuta amene tinkamudziwa anasowa ndudu. Mtengo unangokwera basi, ndipo njira zimene zinatseguka nthawi imeneyo sizinatsekeke chiletso chitatha.

Gawo la magulu a zigawenga tangolikhudza pang'ono: ndalama za ndudu zimafuna kobisa, choncho apolisi amagwirira limodzi kudzera ku Interpol, yomwe ofesi yake ya chigawo chino ili ku Harare. Limenelo ndi la sabata yamawa.

Lachinayi tili ndi mayeso odzaza fomu ya SAD 500, yolembapo katundu wolowa kapena wotuluka m'dziko. Kale ndinkangoloweza mabokosi ake ngati ndakatulo ya ku pulayimale. Usiku uno ndabwerera pa bokosi la dziko lolandira katundu, ndikudzifunsa kuti ndani angatsimikize zimene ndalembamo.